Manja Oyabwa Kuzula Namsongole

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Tiyambe tsiku ndi Mateyu 13:24-30. Antchito anaona namsongole m'munda wa tirigu, manja anayabwa kuti akazule, koma mwini munda anawaletsa poopa kuti angazulire limodzi ndi tirigu.

Ndimeyi ankaikonda Roger Williams, mbusa amene anafika ku Boston, mzinda wa m'dera la Massachusetts ku America, mu 1631. Anzake, Apyuritani (akhristu amene ankafuna kuyeretsa mpingo wa ku England), anali atachoka ku England chifukwa chozunzidwa pa nkhani ya kapembedzedwe. Chomvetsa chisoni n'chakuti atakhazikika ku Massachusetts nawonso anapatsa oweruza a boma mphamvu yolanga aliyense wokhulupirira zosiyana nawo. Williams anakanitsitsa. Iye ankati woweruza alange wakuba ndi wakupha, koma za mtima wa munthu ndi Mlengi wake azisiye. Mpingo ankaufanizira ndi munda wofunika mpanda, kuti tchire la dziko lisalowemo.

Mu Okutobala 1635 khoti linalamula kuti achoke m'dzikomo. Mu Januwale 1636 anathawira m'nkhalango nthawi yozizira koopsa, ndipo amene anamusunga anali Awampanoag, eni nthaka a kumeneko, anthu omwe akhristu anzake ankawatcha akunja. Mafumu a mtundu wina wa eni nthaka wa Anarragansett, Canonicus ndi Miantonomi, anamupatsa malo m'dera limene linadzatchedwa Rhode Island, iye n'kuwatcha Providence pokumbukira chisamaliro cha Mulungu.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ndi ichi. Williams sankagwirizana m'pang'ono pomwe ndi chiphunzitso cha gulu lina la akhristu lotchedwa Akweka. Ku Boston akuluakulu a boma anapachika mayi wa gululi, Mary Dyer, mu 1660. Mu 1672 Williams, ali nkhalamba, anapalasa yekha bwato kuchoka ku Providence mpaka ku Newport kukatsutsana ndi Akweka masiku angapo. Anawadzudzula mwamphamvu, mawu ena owawa ndithu, koma Akweka anapitiriza kukhala ndi kupemphera mwaufulu ku Rhode Island.

Enafe tili ndi mwana amene analeka kupita kutchalitchi, kapena mlongo amene anakwatiwa ku mpingo wina, ndipo tinayamba kumumana moni kapena chithandizo kuti abwerere. Ndinachitapo zimenezi kwa mphwanga. Anabwera Lamulungu lililonse chifukwa choopa ine, koma mtima wake unali kutali.

Ambuye, gwirani manja anga lero. Ndiphunzitseni kunena zoona kwa mphwanga popanda kumuopseza, ndipo zokolola ndizisiye kwa Inu. Ameni.