Amayi, musalole kulandidwa chuma cha masiye

Moni amayi anzanga nonse, a ku Malindi, ku Namwera, ku Makawa mpaka ku Monkey Bay. Tcherani khutu, nkhani ya lero ndi ya chuma cha masiye.

Bambo akamwalira, kaya panyanja kaya ku Joni, ena amafika pamaliro maso ali pa katundu. Ndiye ngakhale misozi ili m'maso, tengani kope. Lembani zonse: bwato, injini, ukonde wa chilimira, njinga yamoto, mbuzi, ndalama za kubanki. Ngati kulemba kumakuvutani, mwana kapena mnzanu wodalirika akulembereni. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri aone, amfumu nawonso adziwe. Musachite manyazi kuti anthu ati mwafulumira, chifukwa injini ikangochoka pagombe usiku, kuitsata kwake n'kovuta.

Mapepala asungeni inuyo. Kalata ya imfa, kalata ya ukwati ya kwa shehe kapena kutchalitchi, ziphaso za ana. Ngati munakwatirana mwachikhalidwe popanda pepala, musade nkhawa, ankhoswe aja ndiwo mboni zanu.

Tsono mvetsani apa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 likuti ngati malemu sanasiye wilo (kalata yonena mmene chuma chawo chidzagawidwire), oyamba kuganiziridwa ndi mkazi, ana ndi amene ankadalira malemuwo. Ziwiya za m'nyumba ndi zanu. Pamitala, mkazi aliyense amatsala ndi katundu wa m'nyumba mwake, ndiye musakangane nokhanokha. Ana a kunjira nawo ndi ana, ali ndi gawo. Ndikudziwa kuti izi zimawawa, koma mwanayo sanalakwe.

Alamu anu akayamba kututa katundu, musalimbane nawo ndi manja. Pitani kupolisi, mufunse ofesi ya Victim Support Unit, yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, mufotokoze zonse, kope lija lili m'manja. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, munthu amapita nawo kundende. Wina akati nkhani za pabanja sizipita kupolisi, ameneyo akufuna mukhale chete basi.

Za kagawidwe, kafunseni ku ofesi ya DC pa boma la Mangochi. Zikakanika, khoti la majisitireti lilipo, ndipo a Legal Aid Bureau amathandiza anthu amene sangathe kulipira loya. Musadinde chala papepala lililonse musanaliwerengeredwe ndi munthu wanu.

Inu amene amuna anu ali moyo, kambiranani madzulo ano za kulemba wilo, mboni ziwiri zisayinire. Uthengawu muutumizenso kwa anzanu a kubanki mkhonde.