Singapore ya ku America imene inamezedwa ndi mchenga

Moni anthuni, takulandiraninso. Lero tili ku Singapore, koma osati ya ku Asia ija ya manyumba ataliatali ayi, iyi ndi ya ku America, dera la Michigan, m'mphepete mwa nyanja ya Michigan yomwe kukula kwake ndi pafupifupi kawiri nyanja yathu ya Malawi. Mukafika pamalopo mungoona mchenga wokhawokha. Tauniyo ili pansi pomwepo.

Anaiyambitsa mu 1836 ndi mkulu wina dzina lake Oshea Wilder, pomwe mtsinje wa Kalamazoo umathira m'nyanja, ndipo iye amkaganiza kuti idzapikisana ndi Chicago. Chuma chake chinali matabwa basi. Nthawi yozizira anthu amagwetsa mitengo ya paini kunkhalango, madzi oundana aja akasungunuka amagubuduzira zipika mumtsinje, zimayandama mpaka pa makina ochekera, matabwa nkuwapakira mu sitima ulendo wa ku Chicago.

Kunalinso banki, mu 1838, yomwe imasindikiza ndalama zakezake zamapepala. Lamulo limati pakhale ndalama zachitsulo zenizeni mnkhokwe, ndiye nkhani imene anthu akumeneko amakamba mpaka pano ndi yoti woyendera wa boma akamaliza kuwerenga ndalama ku banki ya m'tauni ya Allegan, thumba lomwelo amalithamangitsa pa bwato kuti likafike ku Singapore iye asanafike, nkukaliwerenganso kachiwiri. Koma anthu ndi ochenjera inu.

Ndiye mu Okutobala 1871 Chicago inapsa, anthu pafupifupi 100,000 anasowa pokhala, masiku omwewo kumatauni a Holland ndi Peshtigo nakonso moto. Aliyense akufuna matabwa omangira, ku Singapore makina osapuma, kudula chilichonse choima, ndalama zikulowa. Chimene sanachiganize nchoti mitengo yomweyo ndi imene imagwira milu ya mchenga ya m'mphepete mwa nyanja, mizu yake ngati ukonde, komanso imatchinga mphepo yochokera kunyanja. Itatha mitengo mchenga unayamba kuyenda. Lero pakhonde, mawa pazenera, kusesa kwake kuti?

Pofika 1875 zipika zinali zitatha, makina anawamasula nkuwapititsa kumpoto ku St. Ignace, anthu nkubalalika. Nyumba zina anazikoka pa mtsinje utauma ayezi kupita nazo ku Saugatuck, tauni yoyandikana nayo, ndipo nyumba ya banki ija ikadalipo kumeneko mumsewu wa Butler.

Koma akuti munthu mmodzi anakakamira, anakana kusamuka. Chitseko chitakwiririka anasamukira chipinda chapamwamba nkumalowera pazenera ngati kuti zonse zili bwinobwino, mpaka mchenga unafika padenga ndi pomwe ananyamula katundu wake.