Makalata a omvera: bambo wa zaka 44 akufuna kukaphunzira zojambula ku yunivesite

Monire mose a mu Mzuzu muno ndi kozungulira. Makalata achuluka sabata ino koma pali imodzi yandikhudza kwambiri, ndiye enanu mupirire pang'ono.

Yachokera kwa bambo wina wa ku Chibavi. Akuti ali ndi zaka 44, amalemba masayini, aja a pa barbershop ndi magolosale, mpaka nkhuku ndi tchipisi pa khoma la lesitilanti. MSCE anakhoza kalekale, pano mtima ukufuna akalowe yunivesite kudzera mature entry, njira ija yolowera anthu akuluakulu, akaphunzire fine art. Koma mayi akunyumba akuti "ana adzadya penti?", ndipo anzawo a pa bawo ayamba kale kuwatchula agogo a first year. Akufunsa kuti apite kapena asiye.

Adada, za anzanu a pa bawowo tisatayepo nthawi, akamaliza kuseka adzabwera okha kudzapempha muwajambule pa graduation. Koma mayiwo musawaike gulu limodzi ndi osekawo ayi. Funso lawo ndi lenileni, ndipo m'kalata yanu yonseyi sindinaonemo yankho lake, mwangodandaula basi.

Maphunziro amenewa ali ku University of Malawi ku Zomba, ija tinazolowera kuitcha Chanco. Zomba si pa Ekwendeni pano poti mupita m'mawa madzulo mwabwera, ndi ulendo wa tsiku lonse pa basi. Digiri ndi zaka 4. Pamwamba pa fizi pali lendi, chakudya, mapepala, mabulashi, penti, ndipo penti wake si uja wa mu hardware mumasungunula ndi parafini uja. Nanga makasitomala anu muno atsala ndi ndani? Ngati muli ndi mnyamata wokugwirirani makwerero, muphunzitseni kulemba kuyambira lero, bizinesi isafe inu muli m'kalasi. Khalani pansi ndi mayi, pepala ndi bolopeni, muwerengere limodzi. Mukatero ine ndikuti pitani ndithu, mtima wonse.

Koma mukonzekenso ichi, sikuti mukakafika adzakuomberani m'manja poti mwagwira bulashi zaka zambiri. Adzakuikirani botolo ndi nsalu yopindika patebulo, mujambule ndi pensulo kapena makala mpaka zala zide bii, kenako lekichala, mwina wa msinkhu wa mwana wanu woyamba, adzaimika pepala lanu kutsogolo kalasi yonse ikuona n'kunena kuti mthunzi uwu wagwera kolakwika. Inu amene ku Chibavi konse amakutchani katswiri! Pamenepo mpamene akuluakulu ambiri amapsa mtima. Ndiye kulinso kuumba ndi dongo, kusema, mbiri ya zaluso, ma asaimenti olemba masamba ndi masamba m'Chingerezi, mudzawerenga za zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza zomwe UNESCO inazilemba m'kaundula wake mu 2006. Komabe dzanja lanu ndi lokhazikika kale, mumadziwa kukambirana mtengo ndi kasitomala, zomwe ana ochokera ku Form 4 sadziwa n'komwe.

Zikakanika chaka chino, kaoneniko ku KuNgoni ku Mua, malo omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Kwatuluka amisiri osema ambiri kumeneko, mukabwerako maso atatseguka.

Tipitirire. Mayi a ku Zolozolo akuti mwana wawo wamaliza makope ndi kujambula magalimoto, amukwapule? Ayi mayi, mugulireni kope lakelake, la masamu lipume.

Achimwene a ku Luwinga akufunsa ngati ma banner osindikiza pa kompyuta sadzapha ntchito ya masayini. Yachepadi, koma wopanga design pa kompyutapo ndi munthu yemweyo wa diso la zojambula, phunzirani zonse ziwiri.

Tsono pali makalata angapo, a ku Katoto, Mchengautuwa, wina mpaka ku Nkhata Bay kwa osema ziboliboli, onse dandaulo ndi limodzi, anthu safuna kulipira. Abale, tiyeni tikambirane. Munthu wakhala pa makwerero tsiku lonse mu chiperoni cha Mzuzu chino kulemba dzina la shopu yanu, inu n'kumuuza kuti "ndiwe wa luso aise, Mulungu akudalitse", mwamupatsa ya Fanta. Telala mumalipira, wometa mumalipira, koma wojambula akuti ndi mphatso yobadwa nayo ndiye achite ulele. Ngakhale ku tchalitchi timatero, banner ya msonkhano waukulu akuti ndi kutumikira. Ndiye tikudabwa chani mayi a ku Chibavi aja akamafunsa za kudya penti? Ife tomwe ndi amene tawaphunzitsa kuti ntchito imeneyi ilibe ndalama.

Asisi a ku Chiputula, moni wanu kwa amuna anu ku Johannesburg tapereka, koma kalata ya masamba 6 yachuluka, sabata yamawa mufupikitse. Yewo chomene.