Kuchokera ku doko la Durban: sitima zomwe zinatsogola ku Madagascar

Muli bwanji abale anga a ku Nsanje, Bangula, Ngabu, Nchalo mpaka ku Chikwawa? Ndi ine mwana wanu uja, ndikuyankhula kuchokera ku Durban. Mukamva kulira kwa sitima kumbuyoku musadabwe, chipinda chomwe ndimachita lendi chili pafupi ndi doko.

Ntchito yanga ndi yonyamula katundu m'nyumba yosungiramo zinthu kufupi ndi doko. Ndimalowa usiku, ndimaweruka tambala atalira, manja atatupa, msana ukuwawa. Ndalama zikalowa ndimayamba ndatumiza kwa amayi kumudzi, zotsalazo ndiye za lendi ndi ufa.

Koma lero ndikufuna tikambe za doko lomweli. Ife a m'chigwa dzina la Madagascar timalidziwa chifukwa cha anamondwe, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, omwe anadzera kumeneko asanatigwetsere nyumba. Ambiri sitidziwa kuti agogo athu anakamenyako nkhondo.

Mu Epulo 1942, pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, sitima za nkhondo za Angerezi zinasonkhana pano pa Durban. Chilumbacho chinali m'manja mwa Afalansa a boma la Vichy, lomwe linkagwirizana ndi Germany, ndipo Angerezi ankaopa kuti Japan ikhazikitsako sitima zoyenda pansi pa madzi. Pa nkhondoyo panali chisitima chachikulu cha Ramillies, ndi ziwiri zonyamula ndege, Illustrious ndi Indomitable.

Zomwe zimandigwira mtima ine ndi tisitima tating'ono tomwe tinatsogola. Asilikali amayenera kutsika pa 5 Meyi kumadzulo kwa Diego Suarez, tauni ya doko kumpoto kwa chilumbacho, pa Courrier Bay, malo a miyala ya pansi pa madzi komanso otcheredwa mabomba, moti Afalansa ankakhulupirira kuti palibe angadutsepo usiku. Tisitimato tinalowa mumdima, kusesa mabomba, kuika zizindikiro zoyandama kuti zonyamula asilikali zitsatire. Inu amene munaolokapo Shire madzi atasefukira mukudziwa mmene mwini bwato amayesera madzi ndi nsungwi, aliyense ali chete, moyo wanu uli m'manja mwake. Zinali choncho, kungoti pansipo panali imfa yotcheredwa dala. Mabomba ena anaphulika akusesedwa. Sitima ya Auricula inagunda limodzi, n'kumira mawa lake.

Nthawi yomweyo sitima ya Hermione inali kum'mawa ikuwombera kuti adani aganize kuti nkhondo ikuchokera uko. Usiku wa pa 6 Meyi, sitima ya Anthony inathamangira m'doko mwenimweni n'kutsitsa asilikali 50 kumbuyo kwa adani. Pa 7 Meyi tauniyo inagonja.

Asilikali athu a Keyala (King's African Rifles) anabwera pambuyo. Mu Seputembala, gulu la asilikali a ku Nyasaland linali m'gulu la 22nd East African Brigade lomwe linatsikira ku Majunga n'kuyenda mpaka likulu, Tananarive, lomwe linagwa pa 23 Seputembala. Nkhondoyo inatha pa 6 Novembala.

Zimandiwawa kuti tikamadutsa pa chipilala cha Keyala ku Zomba sitifunsa n'komwe. Ngati m'mudzi mwanu muli gogo amene bambo ake anapita ku nkhondo imeneyo, khalani naye pansi, mumujambule mawu pa foni, munditumizire pa WhatsApp. Tidzawamvetsera limodzi sabata yamawa. Tsalani bwino, nthawi yolowa ntchito yakwana.