Munthu wogula ndi kugulitsa ndalama ku banki: amakwera bwanji zaka zikamapita?

Zikomo makolo athu, zikomo achinyamata mwabwera ambiri chonchi. Funso limene mwatipatsa ndi ili: munthu akalowa ntchito ya dealer, yogula ndi kugulitsa ndalama ku banki, pakatha zaka 10 kapena 20 amakhala ali pati?

Tiyambe taona kaye chimene amachita. Ku banki kuli chipinda chotchedwa treasury, cha anthu ochepa, mafoni ndi makompyuta. Wina amagula madola kwa ogulitsa fodya, tiyi ndi shuga kunja, n'kuwagulitsa kwa oitanitsa feteleza, mafuta ndi mankhwala. Phindu lake lili pa kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira. Wina amayang'anira makwacha: ngati banki yatsala ndi ndalama lero, amabwereketsa banki inzake usiku umodzi, kapena kugula ma treasury bill, mapepala a ngongole ya boma a masiku 91, 182 kapena 364. Palinso ogula ndi kugulitsa masheya m'malo mwa makasitomala pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, pomwe kampani yoyamba kulowa inali NICO mu 1996.

Ambiri sayambira pa foni. Zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba amakhala ku back office, kumene malonda aliwonse amene dealer wapanga amatsimikiziridwa ndi kulipiridwa. Malonda wamba a ndalama zakunja amalipiridwa pakatha masiku awiri ogwira ntchito, ndiye m'masiku awiriwo muyenera kuona kuti ndalamazo n'zokwana, mtengo ndi womwe adagwirizana, akaunti ndi yolondola. Zolakwika zake n'zazing'ono kuziona: ziro mmodzi wowonjezera, kapena kulemba kugula pomwe munthu wagulitsa. Musaipeputse ntchito imeneyi, chifukwa ndi kumene mumadziwira njira yonse imene ndalama imayenda. Nthawi yomweyo lembani mayeso a ACI Dealing Certificate, amene mabanki ambiri amawafuna asanakupatseni mpando.

Mukapatsidwa mpandowo, mumapatsidwanso malire. Banki imakuuzani kuchuluka kwa madola amene mungagone nawo usiku, ndi ndalama zimene mukaluza muyenera kusiya malondawo pomwepo. Malirewo amayamba ochepa, n'kumakula mukamaonetsa kuti mumawasunga. Kukwera kwa dealer kwenikweni ndi kumeneku.

Taonani chifukwa chake. Mu November 2023 Reserve Bank of Malawi idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze kuti dealer adalonjeza kasitomala madola 100,000 pa mtengo wakale, iye asanawagule. M'mawa mwake dola lililonse lakwera ndi K520. Muchulukitse nokha: banki yaluza K52 miliyoni munthu ali mtulo. Akakhala kuti anali m'kati mwa malire ake, ndi ngozi ya ntchito, mabwana amamvetsa. Akakhala kuti adawadumpha, imeneyo ndi nkhani ina.

Apa ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ambiri amagwera pomwepa. Kuluza sikuthetsa ntchito ya dealer. Chimene chimaithetsa ndi kubisa. Nick Leeson wa banki ya Barings ankagwira ntchito ku Singapore, ndipo ankaloledwa kupanga malonda komanso kuyang'anira yekha back office. Zotayika zake ankazibisa mu akaunti ya nambala 88888, akuyembekeza kuti mawa abweza. Mu 1995 zidafika pa mapaundi 827 miliyoni, banki ya zaka zoposa 200 idagwa, banki ya ING n'kuigula ndi paundi imodzi. Kweku Adoboli, wobadwira ku Ghana, adayambira ku back office ya banki ya UBS ku London, adakwera bwino, koma mu 2011 adaluzitsa madola 2.3 biliyoni ndipo adapita kundende. N'chifukwa chake mabanki amalekanitsa wopanga malonda ndi wotsimikizira, amajambula mawu a pa foni, ndiponso amakakamiza dealer kupita kutchuthi kuti wina aone mabuku ake. Kuno kwathu msikawu ndi waung'ono, ma dealer onse amadziwana maina. Mukabisa kamodzi, mbiriyo imakafika ku mabanki ena kalata yanu yofunsira ntchito isanafike.

Pofika chaka chachisanu mpaka chachisanu ndi chitatu, msewu umagawikana. Mipando ya pa desiki ndi yochepa, ndipo makina akuichepetsabe. Banki ya Goldman Sachs inali ndi anthu 600 ogulitsa masheya pa desiki yake ya ku New York mu 2000. Pofika 2017 adatsala awiri, ntchito yambiri ikuchitidwa ndi makompyuta. Choncho kuthamanga pa foni kokha sikungakusungeni zaka 20. Pamafunika luso lachiwiri.

Wofuna kukhala mkulu wa treasury ayenera kuphunzira banki yonse: ndalama za osungitsa zimachoka liti, ngongole zimabwera liti, chiwongoladzanja chikasintha banki ikhudzidwa motani. Zimenezi zimakambidwa mu komiti yotchedwa ALCO, ndipo dealer wanzeru amapempha kuti azikonza malipoti ake ngakhale asanaitanidwe kukhalamo. Pa mpando umenewo simuyesedwanso ndi phindu lanu, koma ndi la anthu amene mukuwayang'anira, ndipo akatswiri ena a malonda amalephera pomwepa chifukwa safuna kusiya foni.

Njira ina ndi yoyang'anira ndalama za penshoni ndi inshuwalansi. Lamulo la penshoni la 2011 lidakakamiza olemba ntchito kusonkha 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, ndipo ndalama zimenezo zimafuna anthu odziwa pozisungitsa. Kumeneko maganizo ndi ena: simuyang'ana za lero koma za zaka 10. Muyenera kudziwa, mwachitsanzo, kuti chiwongoladzanja chikakwera, mtengo wa bond ya boma (pepala la ngongole ya zaka zingapo) imene muli nayo kale umatsika, ndipo yazaka zambiri imatsika kwambiri kuposa yazaka zochepa. Pepala lolemera kumeneko ndi CFA: mayeso atatu, aliwonse ofuna maola pafupifupi 300 owerenga. Ena amapita ku nthambi yoona za chiopsezo n'kumaikira anzawo malire, ena kumakampani akuluakulu oitanitsa katundu, ena ku Reserve Bank, ena ku Johannesburg kapena London.

Makolo, mawu amodzi kwa inu. Malipiro a ntchitoyi ali pawiri: a pamwezi, ndi bonasi imene imadalira mmene chaka chayendera. Chaka china imabwera yaikulu, china kulibe. Musamuwerengere mwana bonasi ngati ndalama yokhazikika, ndipo nayenso asatenge ngongole ya galimoto poidalira. Musamufunsenso kuti akunong'onezeni masheya amene akwere mawa. Kugwiritsa ntchito nkhani za m'kati zimene anthu ena sanazimve ndi mlandu, ndipo mlanduwo umagwera iyeyo.

Achinyamata, mayeso a CFA aja muwalembe pakati pa chaka chachiwiri ndi chachisanu cha ntchito, banja ndi maudindo zisanachuluke. Ndipo kuyambira tsiku loyamba pa desiki, khalani ndi kope lolembamo malonda aliwonse aakulu: chifukwa chimene mwalowera, mtengo umene mudzatulukire zikavuta, ndi mmene zidathera. Tsiku lopempha kuti malire anu akwezedwe, kopelo mudzalitenge.