Woyimba wa ganyu ndi mwini nyimbo: zomwe Ben E. King anaphunzira

Zikomo amfumu, zikomo abusa, amayi ndi abambo. Inu anyamata a kwaya muli kumbuyoko, senderani kuno, nkhaniyi kwenikweni ndi yanu.

Nonse mwamva zomwe zamuonekera mwana wathu uja mwezi wathawu. Dzina sinditchula, mayi ake ali pompano. Anapeka nyimbo, anapita nayo ku situdiyo m'tauni, anamupatsa pepala iye n'kusayina, anamupatsa ya thiransipoti ndi kena kake kapamwamba. Lero nyimboyo ikulira m'maminibasi ndi m'maukwati, koma dzina lolembedwapo si lake. N'chifukwa chake ndati ndikusimbireni za woyimba wina wa ku America, Ben E. King, yemwe anapondapo minga yomweyi.

Anabadwa mu 1938 ku Henderson, ku North Carolina, dzina lake lenileni Benjamin Earl Nelson. Ali ndi zaka 9 banja lawo linasamukira ku Harlem, dera la anthu akuda mumzinda wa New York. Kuyimba anayambira kutchalitchi, ngati inu nomwe. Masiku amenewo anyamata a kumeneko ankakumana madzulo m'mbali mwa msewu, anayi kapena asanu, opanda gitala, opanda ng'oma. Mmodzi akutsogolera, wa besi akugunda pansi, enawo akudzaza pakati ndi timawu topanda tanthauzo. Timawu timeneto ndi tomwe tinabala dzina loti doo-wop. Nyimbo za soul zinadzaphukira pomwepo, maimbidwe a mumsewuwa atakumana ndi a kutchalitchi.

Mu 1958 Benjamin anali m'gulu lotchedwa Five Crowns. Kunalinso gulu lina lotchuka kale, The Drifters, koma mwini dzina la gululo anali manijala wawo, George Treadwell. Chaka chomwecho atasemphana ndi oyimba ake anawachotsa onse, n'kutenga a Five Crowns aja kuti kuyambira lero a Drifters ndinu. Tamvani bwino pamenepo. Anthu onse achoka, dzina latsala, ntchito ikupitirira. Chifukwa chiyani? Oyimbawo anali aganyu. Waganyu amalima, amapalira, amalandira zake madzulo, koma tsiku lokolola chimanga chimalowa m'nkhokwe ya mwini munda. Ana anga, musakhale aganyu m'munda wanu womwe.

Benjamin anatsogolera nyimbo ya There Goes My Baby mu 1959, ndipo anali mmodzi mwa oipeka, ngakhale pa mndandanda wa opeka mupezaponso dzina la manijala uja. Mu 1960 anatsogoleranso Save the Last Dance for Me, yomwe inafika pa nambala wani m'dziko la America. Mawu ake akumveka pa wayilesi iliyonse, iye akulandirabe malipiro a wantchito. Atapempha kuti amuwonjezere ndi kumupatsako gawo la ndalama za mbale zogulitsidwa, anamukanira. Anachoka chaka chomwecho, nayamba kuyimba payekha ndi dzina loti Ben E. King.

Apa mpomwe ndimafuna mutchere khutu. Anali ndi nyimbo ina yomwe muzu wake unali m'nyimbo zauzimu. Anaimaliza mothandizana ndi akatswiri awiri opeka nyimbo, Jerry Leiber ndi Mike Stoller, ndipo inatuluka mu 1961: Stand by Me. Dzina lake linalembedwa, theka lake, theka la anzake awiriwo. Onani zokolola zake. Mu 1975 woyimba wotchuka wa ku Britain, John Lennon, anaiyimbanso. Mu 1986 inalowa mufilimu n'kukweranso ku America. Mu 1987, itamveka potsatsa malonda a mathalauza a jinzi, inafika pa nambala wani ku Britain, patatha zaka 26 chitulukireni. Mwini wake anamwalira mu 2015 ali ndi zaka 76, koma mu 2018 kwaya inaiyimba pa ukwati wa Prince Harry. Munda umodzi, kukolola moyo wonse, wotsala n'kusiyira ana. Dzina lanu lilembedwe pa nyimbo yanu.

Amayi inu mukunong'onezana uko, nanunso mulimo. Mwana akati akupita kukajambula nyimbo mumangoti bola abwereko ndi ka sopo. Akanati akukagulitsa munda wa agogo ake mukanangokhala chete choncho?

(Mnyamata wina kumbuyo: Bambo, koma tikakana kusayina sangatijambule. Ndalama ya situdiyo tilibe, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno.)

Wafunsa bwino mwana wanga, khala pansi ndikuyankhe. Njala ndimaidziwa, ndipo sindikuti muzikana pepala lililonse. Ben E. King nayenso anagawana, sanatenge zonse. Wa situdiyo wakhetsa thukuta, wagula makina, walipira magetsi, wakonza biti, ayenera kudya. Kumupatsa gawo n'chilungamo. Choipa n'kufufuta dzina lako lonse chifukwa cha ndalama yodya tsiku limodzi. Kubwereketsa munda chaka chimodzi ndi kugulitsa munda, n'zofanana? Ndikuuze za mnyamata wina wa ku New York komweko, Frankie Lymon. Anatchuka mu 1956 ali ndi zaka 13, akuyimba ndi anzake a gulu la The Teenagers. Pa nyimbo yawo yotchuka padadzalembedwa dzina la mkulu wa kampani ya mbale, pomwe la anzake awiri omwe ankati anapeka nawo panalibe. Frankie anamwalira mu 1968 ali ndi zaka 25 zokha. Anzake aja anapita kukhoti atakula kale, anawina mu 1992, koma mu 1996 khoti la apilo linagubuduza chigamulocho ponena kuti anachedwa kudandaula. Anachedwa! Ndiye fodya wa pamphunoyo koka ndithu, koma usapereke dimba la fodyalo. Ngati wa situdiyo akukana kuti upite ndi pepalalo kunyumba ukaliwerenge usiku umodzi, dziwa kuti muli kanthu m'pepalamo. Nyamuka, nyimbo sivunda ngati tomato.

Ndaona ena ayamba kuyang'ana kumwamba, mvula ija yayandikira, ndithamange. Mukapeka nyimbo lembani mawu ake m'kope, ikani deti, ijambuleninso pafoni. Ngati mwapeka angapo, gwirizanani za magawo musanalowe mu situdiyo, osati nyimbo itatchuka, ndipo mulembe, aliyense asayine. Pepala lililonse liwerengeni, lachingerezi pitani nalo kwa aphunzitsi, kope yake ikhale ndi inu. Kenako kalembetseni ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso lomwe limatolera ndalama kwa mawayilesi ndi ena ogwiritsa ntchito nyimbo. Musasayine chomwe simunawerenge, ndanenatu.

Mayi a mwana uja, tsalani pang'ono ndi pepala lija tilione limodzi ndi abusa, tisachedwe nalo. Anyamata, mabenchi alowe m'kalasi asananyowe. Zikomo amfumu.