Za masiku 21 zija n'zabodza: chizolowezi chimatenga nthawi yaitali bwanji?

Takulandirani nonse amene mukuonera! Ndi angati mwa inu amene munayamba kuthamanga m'mamawa, mukudzilimbitsa mtima kuti "ndikangokwanitsa masiku 21, basi zalowa m'magazi," koma pa tsiku la 22 alamu italira thupi linakana ngati tsiku loyamba lija? Vidiyo ya leroyi ndi yanu. Nambala imeneyi yagwetsa ulesi anthu ambiri amene analibe vuto lililonse, ndipo ine imandiwawa kwambiri. Tifikapo posachedwa, musachoke.

Tisanapite patali, ngati ndinu atsopano pa tchanelo chino, dinani subscribe ndi kabelu kaja kuti vidiyo ikatuluka muzidziwa.

Kwa ine, nkhani ya kudziletsa ndi nkhani ya ufulu. N'chifukwa chiyani ndikutero? Munthu amene foni imam'gwira mpaka pakati pa usiku akudziwa kuti mawa kuli ntchito, kapena amene amapuma wefuwefu akangokwera masitepe ochepa, sakuchita zimene akufuna. Akuchita zimene anazolowera. M'chaka cha 2002, katswiri wa zamaganizo Wendy Wood ndi anzake anapempha anthu kuti ola lililonse azilemba zimene akuchita ndi zimene akuganiza. Anapeza kuti pafupifupi 43 peresenti ya zochita zawo ankazichita mwachizolowezi, nthawi zambiri maganizo ali kwina. Gawo lalikulu chonchi la moyo wanu likuyenda lokha. Mukalikonza, zabwino zimayamba kuchitika popanda kukangana ndi mtima wanu tsiku ndi tsiku.

Nazi mfundo zisanu zokuthandizani kupanga chizolowezi chatsopano. Choyamba, sankhani chinthu chimodzi, chaching'ono. Chimodzi basi. Osati kusiya fodya, kuyamba jimu ndi kudzuka 4 koloko zonse Lolemba limodzi.

Chachiwiri, chinthucho chipatseni nthawi ndi malo. "Ndiziyesetsa kulimbitsa thupi" si pulani. Pulani ndi iyi: "Ndikangomaliza kutsuka mano m'mawa, ndichita ma push-up khumi pambali pa bedi." Katswiri wa zamaganizo Peter Gollwitzer anafufuza kwambiri zimenezi, ndipo anaonetsa kuti munthu amene wakonzeratu kuti achita liti komanso kuti, amakwaniritsa kawirikawiri kuposa amene wangofuna mumtima.

Chachitatu. Apa ndiye khalani bwino pampando, chifukwa ndichedwapo.

Masiku 21 aja anachokera kuti? Anthu amawatchula ngati lamulo la sayansi, koma mukafunsa kafukufuku wake, palibe amene amakuonetsani. Gwero lake ndi dokotala wina wa ku America, Maxwell Maltz, amene ankachita maopaleshoni okonza maonekedwe a anthu. Mu 1960 anatulutsa buku lotchedwa Psycho-Cybernetics. M'bukumo analemba zimene ankaona kwa odwala ake: munthu akakonzedwa nkhope, pankapita masiku pafupifupi 21 kuti aizolowere akadziona pagalasi. Wodulidwa mkono kapena mwendo ankamvabe ngati chiwalocho chilipo kwa nthawi ngati yomweyo. Ndiye mwamva? Ankanena za kuzolowera nkhope yatsopano, osati kudzuka mumdima kukathamanga. Komanso iye anati masiku 21 ndi ochepetsetsa. Bukulo linagulidwa kwambiri, anthu anayamba kubwerezabwereza, mawu oti "ochepetsetsa" anagwera panjira, n'kutsala nambala yokha. Lero imagulitsa mapulogalamu a masabata atatu osintha moyo.

Nanga amene anayezadi anapeza chiyani? Phillippa Lally ndi anzake ku University College London anatenga anthu 96, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2009. Aliyense anasankha chinthu chimodzi choti azichita tsiku lililonse pa nthawi yofanana kwa masabata 12. Wina kumwa botolo la madzi pa chakudya chamasana, wina kudya chipatso, wina kuthamanga mphindi 15 asanadye madzulo. Tsiku lililonse ankayankha mafunso osonyeza ngati chinthucho chayamba kuchitika chokha, osachita kuchiganizira.

Nambala yapakatikati inali masiku 66. Kuposa miyezi iwiri! Koma ngakhale 66 ameneyo musamugwire ngati lamulo latsopano, chifukwa anthuwo anasiyana kwambiri. Wofulumira anafika pa masiku 18. Wochedwetsetsa, ofufuzawo atawerengera mmene ankayendera, anaona kuti akanafunika masiku 254. Ndipo zolimbitsa thupi zinkaoneka kuti zimachedwerapo poyerekeza ndi kumwa madzi kapena kudya chipatso.

Taganizirani munthu amene thupi lake likufunika masiku 90 kuti lizolowere kuthamanga, koma anauzidwa kuti ndi 21. Pa sabata yachinayi akuonabe kulemera. Amati chiyani? "Ine ndiye ayi, ndine waulesi, izi si zanga." Nsapato zija n'kuziponya pansi pa bedi. Chonsecho anali pa njira yoyenera, kungoti anapatsidwa nambala yolakwika. Izi ndi zimene zimandipweteka, abale anga. Munthu akudziweruza yekha chifukwa cha chiganizo chimene chinadulidwa pakati zaka zoposa 60 zapitazo.

Lembani m'makomenti: inuyo munasiya pa tsiku lachingati, ndipo chinali chizolowezi chanji? Ndimawerenga onse.

Pali chinanso m'kafukufuku yemweyu chimene anthu sachitchula, koma kwa ine ndiye chokoma kwambiri. Kudumpha tsiku limodzi sikunawononge chilichonse chooneka. Munthu akaphonya lero n'kupitiriza mawa, chizolowezi chinkapitirizabe kukula. Zoti ukaphonya kamodzi uyambirenso pa ziro, zilibe maziko. Chizolowezi chili ngati kanjira ka mu udzu: kamaoneka chifukwa chopondedwa kawirikawiri, ndipo tsiku limodzi losadutsapo silimeretsa tchire. Chimene chimatseka kanjirako ndi kusiyiratu. Anapezanso kuti masiku oyambirira ndi amene amawonjezera kwambiri, kenako kukulako kumayamba kuchepa mpaka kufika pokhazikika. Choncho mphamvu zanu muziike pa masabata oyamba aja.

Ngati mwaphunzirapo kanthu mpaka pano, dinani like, ndipo vidiyoyi itumizeni kwa mnzanu uja amene anasiya jimu mu Febuluwale. Zimathandiza kwambiri kuti YouTube iionetse kwa anthu ena.

Chachinayi, mlingo wa zolimbitsa thupi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la World Health Organization, m'malangizo ake a 2020, limati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi zapakatikati, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena zamphamvu monga kuthamanga kwa mphindi 75 mpaka 150. Kuwonjezera apo, masiku awiri kapena kuposerapo a zolimbitsa minofu. Mphindi 150 ndi theka la ola, masiku asanu. Ngati simungafike pamenepo panopa, malangizo omwewo akuti kuchita pang'ono kuli bwino kuposa kungokhala. Amene muli ndi vuto la mtima kapena matenda ena okhalitsa, kambiranani kaye ndi dokotala musanayambe zamphamvu.

Chachisanu, musamadalire kulimba mtima kokha. Konzani malo. Zovala ndi nsapato zothamangira muziike usiku pamene phazi lanu lidzaponde mukadzuka. Foni izigona kutali ndi bedi, kuti alamu ikalira muchite kuimirira kukaizimitsa. Ndipo muzigona maola osachepera 7, chifukwa munthu wosagona mokwanira amagonja msanga pa chilichonse chimene anakonza.

Sabata yamawa tikambirana za masitepe 10,000 pa tsiku amene foni yanu imakuwerengerani. Nambala imeneyo inatchuka ku Japan m'zaka za m'ma 1960 chifukwa cha kachipangizo kowerengera masitepe kamene kampani ya Yamasa inkagulitsa, ndipo ndidzakuuzani zimene ofufuza apeza kuchokera nthawi imeneyo. Kabelu kaja mwadina? Vidiyo imene ikuoneka pakona apa ndi ya mmene mungakonzere tulo tanu, ipenyeni mukangomaliza ino. Tionana Lachisanu!